Mlongo wanga atasiya kugona: zimene banja lathu linaphunzira za matenda a maganizo

M'mabanja ambiri a ife olankhula Chichewa kuno ku Harare, munthu akayamba kusokonezeka maganizo, abale amayamba ndi kukangana za chimene chamugwira, ndipo amene wapambana pa mkanganowo ndiye amalamula kumene wodwalayo apite, kaya kwa sing'anga, kumapemphero, kupolisi kapena kuchipatala. Mkangano wotere unachitika m'nyumba mwathu ku Mufakose, dera lina la mu Harare, pamene mlongo wanga wamng'ono anadwala, ndipo unatidyera nthawi imene iye akanakhala atayamba kale kulandira thandizo. Ine ndine mphunzitsi wa kupulayimale, udokotala sindinauphunzire, koma ndikukhulupirira kuti zimene ndinaona, zimene anamwino anandifotokozera ndi zimene ndakhala ndikuwerenga kuchokera nthawi imeneyo zingathe kufupikitsa mkangano m'banja lina.

Agogo athu anachokera ku Dedza m'zaka za m'ma 1950, nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, mzinda uno ukadatchedwa Salisbury, ndipo sanabwererenso kumudzi. Ife tinabadwira konkuno. Panja timalankhula Chishona, m'nyumba Chichewa, ndipo Lamulungu timapemphera ku CCAP. Bambo athu anatisiya kalekale, choncho nkhani zikuluzikulu za pabanja amagamula ndi amalume, achimwene a amayi, monga eni mbumba. Mlongo wangayo ndi kalipentala, ndipo ankakhoma mabedi ndi makabati ku Glen View, kumene mashedi a akalipentala akhala akupsa kawirikawiri. Moto wina unanyeketsa shedi yake pamodzi ndi zipangizo, matabwa ndi katundu wa anthu amene anali atalipiriratu. Kwa milungu ingapo ankangokhala chete pakhonde, foni ikulira iye osaiyankha, ndipo tonse tinkati n'chisoni wamba cha munthu amene wataya chuma chake.

Kenaka zinthu zinatembenuka. Anasiya kugona, koma kutopa kunalibe mwa iye. Pakati pa usiku tinkamva sowo ikulira kuseri kwa nyumba, akucheka matabwa otsala popanda chimene akukhoma, ndipo kukacha tinkapeza makatoni atawayala pabwalo ponse, atajambulapo ndi pensulo fakitale imene ankati idzakhomera mipando mahotela onse a mu Africa. Ankalankhula mofulumira mosalola munthu kumudula, nkhani ina isanathe walowa kale ina. Anagulitsa foni yake ndi makina osokera a amayi, ndalamazo n'kukagawira anyamata oitanira makombi (maminibasi). Ankati Mulungu wamusankha kuti abwezere matchona onse ku Malawi, ndipo ankalankhula Chichewa chozama cha agogo athu, chimene masiku onse sankachilankhula, n'kumaimba nyimbo zakale zimene agogowo ankatiimbira tili ana.

Pamenepo nyumba inagawikana. Amalume anati mizimu ya makolo yakwiya chifukwa chiwaikire agogo m'manda a kuno, palibe anapita ku Dedza kukawachitira mwambo, ndipo Chichewa chozamacho ankachitenga ngati umboni woti akulankhulayo si mwanayo. Amayi, pamodzi ndi anzawo ena a Chigwirizano, anati ndi ziwanda zofunika pemphero ndi kusala kudya. Oyandikana nafe ankanong'ona kuti ndi chamba kapena mutoriro (dzina la kuno la mankhwala ozunguza bongo a crystal meth), ndipo sindiwadzudzula kwambiri, pakuti mankhwala ozunguza bongo awononga achinyamata ambiri m'makomboni a mzinda uno. Msuweni wathu wina anati palibe matenda apa, munthuyu wangosowa mpamba, timusonkhere ndalama ayambirenso ntchito. Ine ndinagwada pamaso pa amalume n'kunena kuti: "Amalume, ndapota nanu, tiyeni tiyambe tamutengera kuchipatala, zakumudzi tichite pambuyo." Iwo anayankha kuti: "Mwanawe, izi n'zakumtundu. Achemwali a agogo ako ankachita chimodzimodzi ku Dedza, miyezi ina osagona, miyezi ina osatuluka m'nyumba. Jakisoni sachotsa mzimu."

Abale anayamba apita naye kwa anthu ena opemphera pathengo kunja kwa mzinda, amene anamumanga ndi chingwe pamtengo chifukwa ankathawa, ndipo anabwerako ndi zilonda m'mikono. Usiku wina anatuluka n'kukayenda pakati pa msewu waukulu akuimitsa magalimoto ndi manja, ndipo madalaivala awiri achifundo ndiwo anamubweretsa kunyumba. M'mawa mwake amalume anavomera kuti tipite kuchipatala. Abale ayenera kudziwa kuti mu Harare muli zigawo zoona za matenda a maganizo pa Annexe ya chipatala cha Parirenyatwa ndi pa chipatala cha Sally Mugabe, kuti ku Bulawayo kuli chipatala cha Ingutsheni chimene chinatsegulidwa mu 1908, ndiponso kuti lamulo la Zimbabwe la 1996 loona za matendawa limalola kuti munthu amene angathe kudzivulaza kapena kuvulaza ena agonekedwe ngakhale iye akukana, potsatira ndondomeko yake. Chingwe ndi unyolo zilibe malo m'ndondomeko imeneyo.

Namwino amene anatilandira sanafunse kuti ndani wamulodza kapena wasuta chiyani. Anayamba ndi kufunsa ngati zimene mlongo wanga akuchita n'zozolowereka pakati pa anthu a kwathu, ndipo anafotokoza kuti funsoli ndi lofunika chifukwa khalidwe limene ndi lachilendo kwina, kwina ndi mwambo: mayi amene akulira maliro n'kumalankhula ndi malemu sakudwala, ndipo munthu wolankhula malilime pa mapemphero sakudwala. Anafunsanso ngati wodwalayo akuzunzika mumtima, ngati akutha kudya, kusamba ndi kugwira ntchito, ndiponso ngati pali ngozi kwa iye kapena kwa ena. Pambuyo pake ndinapeza kuti mafunso amenewa ndiwo maziko amene akatswiri amagwiritsa ntchito posiyanitsa matenda ndi khalidwe wamba, ndipo palibe limodzi mwa iwo limene limakwanira palokha. Mlongo wanga anali chitsanzo chooneka ndi maso. Funso la kuzunzika analikana mokweza, akunena kuti sanakhalepo wosangalala ndi wamphamvu chonchi chibadwire. Tikanati tidalire funso lokhalo, tikanabwerera naye kunyumba. Koma ntchito inali itaima, chakudya sankachikhudza, katundu wa m'nyumba ankatha, ndipo msewu unatsala pang'ono kumupha.

Asanatchule dzina la matenda, madokotala anayamba apima thupi. Anamuyeza malungo, HIV, shuga ndi chithokomiro, anafunsa ngati anavulalapo m'mutu kapena kugwapo khunyu, ndipo anafufuza za mowa ndi mankhwala ozunguza bongo. Anachita zimenezi chifukwa matenda a thupi, monga malungo okwera kumutu, amatha kubwebwetetsa munthu n'kumaoneka ngati misala, pamene mankhwala ake ndi ena. Zonsezo zitapezeka kuti palibe, dokotala anatiuza kuti ndi matenda otchedwa bipolar, amene munthu amakhala ndi nyengo zokwera, za mphamvu zosefukira ndi kusagona kwa mlungu kapena kuposerapo, ndi nyengo zotsika, za kukhumudwa kozama kwa milungu iwiri kapena kuposerapo. Palibe kuyeza magazi kumene kumaonetsa matendawa. Amawazindikira poona zizindikiro, kutalika kwa nthawi imene zakhalapo ndi mmene zasokonezera moyo, motsatira mabuku monga ICD-11 ya bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, imene inayamba kugwira ntchito mu 2022, ndi DSM-5 ya ku America imene inatuluka mu 2013. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 40 miliyoni anali ndi bipolar, ndipo onse odwala matenda a maganizo anali pafupifupi 970 miliyoni, kutanthauza munthu mmodzi mwa anthu 8 alionse padziko lapansi.

Chimene sindidzaiwala ndi pamene dokotala anafunsa ngati m'banja munakhalapo wina wodwala chotere. Amalume, amene anali atakhala chete nthawi yonseyi chipewa chili pabondo, anafotokoza za achemwali a agogo aja, ine ndikumasulira. Dokotalayo anawerama n'kulemba mosamala, n'kufunsanso kuti nyengo za kusagonazo zinkatenga nthawi yaitali bwanji ndipo mayiwo anathera kuti. Kenaka anati: "Bambo, mwatithandiza kwambiri. Matendawa amayendadi m'magazi a banja." Amalume anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Umboni umene iwo ankautenga kuti ukuloza ku mizimu ndi womwewo umene dokotala anautenga kuti ukuloza ku chibadwa cha ubongo. Onse awiri anaona chinthu choona, chakuti vutoli linadutsa m'mibadwo. Anasiyana pa kafotokozedwe, ndipo kafotokozedwe kalikonse kanali ndi chochita chake.

Apa ndi pamene ndinamvetsa kuti mkangano wa m'nyumba mwathu ndi wakalekale, ndipo ophunzira nawonso akhala akuukangana. Kafotokozedwe ka mizimu ndi ziwanda kanaliponso ku Ulaya, kumene odwala ankamangidwa maunyolo kufikira madokotala monga Philippe Pinel wa ku Paris anayamba kulimbana ndi mchitidwewu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Kafotokozedwe ka thupi nakonso si katsopano, pakuti zolembedwa za Hippocrates wa ku Greece, za cha m'ma 400 Yesu asanabadwe, zinanena kale kuti khunyu limachokera mu ubongo. Emil Kraepelin wa ku Germany, mu 1899, anasiyanitsa matenda okwera ndi kutsika monga a mlongo wanga ndi amene lero amatchedwa schizophrenia, omwe munthu amatha kumva mawu kapena kukhulupirira zinthu zimene kulibe. Mu 1949 John Cade wa ku Australia anaonetsa kuti mankhwala a lithium amakhazika pansi munthu amene ali m'nyengo yokwera, ndipo mu 1952 ku France anayamba kugwiritsa ntchito chlorpromazine, mankhwala amene anachititsa kuti odwala ambiri atuluke m'zipatala n'kukakhala kwawo. Kafotokozedwe ka thupi kameneka kamayang'ana chibadwa, ubongo ndi timadzi timene timatumiza mauthenga m'menemo, ndipo kwa matenda ngati bipolar, ndinene mosabisa, ndiko kanapulumutsa moyo wa mlongo wanga. Komabe pakokha sikafotokoza zonse, chifukwa ngakhale mapasa ofanana ndendende, wina akadwala si nthawi zonse mnzakeyo amadwalanso.

Mankhwalawo anabwera ndi mavuto ake. Titapita kukamuona masiku oyambirira, tinamupeza khosi litauma n'kupotokera mbali imodzi, manja akunjenjemera, malovu akutsika pachibwano, akuyenda mokwekwereza mapazi. Amayi anagwira pakamwa n'kunena kuti amene anamulodza wamutsatira mpaka muno. Namwino anatikhazika pansi n'kutifotokozera kuti zimenezi zimachitika ndi mankhwala monga haloperidol, makamaka kwa anyamata, ndipo zimatha akachepetsa mlingo kapena akaonjezera piritsi lina loletsa kuumako. Patapita masiku ochepa khosi linamasuka. Ndikutchula zimenezi chifukwa mabanja ambiri amathawitsa odwala awo panthawi ngati imeneyi poganiza kuti chipatala chikuwapha, pamene chofunika n'kungouza namwino zimene mwaona.

Atatuluka, nyengo yotsika inafika, ndipo kwa ine inali yoopsa kuposa yoyamba chifukwa inali yopanda phokoso. Ankagona chafufumimba tsiku lonse, akunena kuti ndi munthu wachabechabe, wachititsa manyazi mtundu wonse, ndipo palibe amene adzamupatsenso ntchito. Apa ndipo ndinaona phindu la kafotokozedwe ka maganizo ndi khalidwe. Ku koleji ya uphunzitsi tinaphunzirako za Sigmund Freud, amene ankafufuza gwero la mavuto m'zaubwana ndi m'zobisika za mumtima, ndi za Pavlov ndi Skinner, amene anaonetsa kuti makhalidwe ambiri timachita kuphunzira ndipo angathe kusinthidwa. Koma chimene chinathandiza mlongo wanga chinali cha Aaron Beck, amene m'zaka za m'ma 1960 anaona kuti munthu wokhumudwa amadziona yekha, dziko ndi tsogolo lake mokhotetsa, n'kumakhulupirira maganizo okhotawo ngati choonadi. Mlangizi wa mlongo wanga ankamuuza alembe ganizo lililonse lomuweruza, kenaka afufuze umboni wake. Pa ganizo lakuti palibe adzamupatsenso ntchito, anamufunsa kuti ndi makasitomala angati amene anamuuzadi zimenezo pamaso, ndipo anapeza kuti anali mmodzi yekha. Anamuikiranso nthawi yogona ndi yodzuka yosasinthasintha, chifukwa kwa munthu wa bipolar kusowa tulo kumatha kuyambitsa nyengo yokwera. Dokotala anatichenjezanso kuti tisamugulire tokha mapiritsi a kukhumudwa, popeza kwa munthu wa matendawa, akamwedwa okha popanda mankhwala okhazikitsa maganizo, angathe kumukankhira m'nyengo yokwera.

M'nyengo imeneyo namwino anandiphunzitsa kumufunsa mosazungulira ngati akuganiza zodzipha. Ndinali ndi mantha kuti funsolo lingamupatse ganizo limene analibe, koma kafukufuku amasonyeza kuti kufunsa sikudzala ganizolo, ndipo kawirikawiri kumamasula munthu kuti alankhule. Anandiyankha kuti inde, ndipo tsiku lomwelo tinabwerera naye kwa dokotala, n'kuchotsa m'nyumba zingwe ndi mankhwala a makoswe, mapiritsi ake n'kumasunga amayi.

Msuweni wathu uja, amene ankati vuto ndi mpamba, nayenso sananame kwathunthu. Akatswiri a kafotokozedwe ka chikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu amati umphawi, ngongole, ulova, nkhanza ndi kusalidwa zimadwalitsa ndipo zimachedwetsa kuchira. Ambiri lero amavomereza kuti munthu angathe kubadwa ndi chiopsezo chobisika, chimene chimadzaonekera pokhapokha mavuto akamupanikiza. Chiopsezo cha mlongo wanga chinachokera kumtundu, ndipo moto wa ku Glen View ndi ngongole zake ndizo zinachivundukula. Mu 1977 dokotala wa ku America, George Engel, analemba kuti wochiza aziyang'ana thupi, maganizo ndi kumene munthuyo akukhala, zonse pamodzi. Ine ndimazifanizira ndi mafuwa atatu, amene ukachotsapo limodzi mphika sukhazikika. Fuwa lachitatulo analigwira ndi amalume: anayenda khomo ndi khomo kwa makasitomala aja kukapepesa ndi kupangana nawo za kabwezedwe ka ndalama pang'onopang'ono, ndipo abambo a kumpingo anasonkha ndalama zogulira sowo, hamala ndi puleni. Tsiku limene mawu oopseza a makasitomala anasiya kufika, mlongo wanga anadya nsima n'kumaliza.

Amene anatsala osaonedwa anali amayi. Anaonda, tulo tinawathawa, ankadandaula mutu ndi kugunda kwa mtima, ndipo kukiliniki sanawapeze ndi matenda a thupi. Namwino wa kumeneko anawafunsa mafunso 14 oyankha kuti inde kapena ayi, amene anakonzedwa kuno ku Harare m'zaka za m'ma 1990 kuchokera m'mawu amene anthu enieni amadandaulira, kenaka anawatumiza kwa agogo ena okhala pabenchi panja pa kilinikiyo. Imeneyi ndi ntchito ya Friendship Bench, imene Dr Dixon Chibanda anaiyambitsa ku Mbare mu 2006, yophunzitsa amayi achikulire kuthandiza anthu ovutika ndi kuganiza kwambiri, vuto limene Ashona amati kufungisisa ndipo linalembedwa ndi dzina lomwelo mu DSM-5. Agogowo amamvetsera, amathandiza munthu kutchula mavuto ake, kusankhapo limodzi ndi kupeza chochita chimene angachikwanitse mlungu umenewo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016, wa anthu 573 a m'makiliniki a mu Harare, anapeza kuti patatha miyezi 6, mwa amene anathandizidwa pabenchi pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa enawo anali pafupifupi 50 pa 100. Amayi anasankha vuto la makina osokera, ndipo anapangana ndi mnzawo wa Chigwirizano kuti azibwereka ake masiku ena. Benchi limathandiza nkhawa ndi kukhumudwa kwa mtundu umenewu. Munthu amene ali ngati mmene analili mlongo wanga usiku wa pamsewu uja amafunika chipatala, ndipo agogowo amaphunzitsidwa kutumiza otere kwa anamwino.

Za mizimu ndi mapemphero sitinazithetse ndi mtsutso, ndipo sindiona kuti kunali kofunika kutero. Amalume anapitadi ku Dedza kukachita mwambo wa agogo, ndipo anabwerako mtima uli m'malo. Amayi a Chigwirizano amabwerabe kudzapemphera, ndipo mlongo wanga amawalandira mokondwa. Chimene tinapangana pa msonkhano wa banja n'chakuti aliyense akhulupirire zimene akukhulupirira, koma pasapezeke womuuza kuti asiye mapiritsi, womumwetsa zitsamba dokotala asakudziwa, womusalitsa kudya kapena kumuchezetsa usiku wonse pa mapemphero, kapena womumanganso. Ndimalemekeza abusa ndi asing'anga amene amati akaona munthu wotere amamutumiza kuchipatala iwo n'kupitiriza kumupempherera. Amene amauza wodwala kuti kumwa mankhwala n'kusowa chikhulupiriro ndimatsutsana nawo poyera, chifukwa mlongo wanga anadwalanso kamodzi atamvera mawu otere pamene ankadzimva kuti wachira, ndipo zizindikiro zinabwerera zonse.

Kuchokera pamenepo tinalemba naye limodzi zizindikiro zake zoyambirira, zimene kwa iye ndi kugona maola ochepa usiku wotsatizana koma osatopa, kuyamba ntchito zambiri nthawi imodzi ndi kumwaza ndalama, ndipo iye mwini anavomera kuti tikaziona tizimuperekeza kukiliniki osadikira tsiku lake. Mwezi umene mankhwala asowa kumene amalandirira, timasonkherana n'kukagula kufamase kuti asadumphitse. Anabwerera ku ukalipentala, ndipo salandiranso maoda ochuluka omugonetsa pashedi.

Chaka chino anapeza mbeta ku Highfield, ndipo funso linabuka lakuti kodi akuchikazi auzidwe. Ena pabanja ankafuna kubisa poopa kuti ukwati ulephereka, koma mlongo wanga anali atamuuza kale mtsikanayo, ndipo awiriwo anapita limodzi kwa dokotala, amene anawafotokozera kuti ana awo adzakhala ndi chiopsezo chokulirapo kuposa ana ena, ngakhale kuti ana ambiri a makolo odwala bipolar sadwala matendawa. Amalume, monga ankhoswe, ndiwo anakafotokozera akuchikazi dzina la matendawo, mankhwala amene amamwa ndi zimene banja limachita zizindikiro zikayamba. Akuchikaziwo anapempha nthawi yoti akambirane paokha, kenaka anatumiza uthenga woti zokambirana za chinkhoswe zipitirire, ndipo anapempha kuti mayi a mtsikanayo adzaperekeze nawo mkamwini wawo tsiku lake lotsatira lokaonana ndi dokotala, kuti akadzifunsire okha mafunso awo.